Ndionetsetse adathetsa nkhosa

Funsani bwana wa kampani ku Makata kapena ku Kanengo chifukwa chake makina atsopano sakubwera, yankho n'limodzi: "Tikuona kaye mmene zinthu zikhalire." Ena adayamba kuona kaye mu Meyi 2022, kwacha itagwa ndi 25 peresenti. Idagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, iwo akuonabe. Ndionetsetse adathetsa nkhosa.

Zoopsa zilipo, palibe akukana. Makina amagulidwa ndi madola, ndipo madolawo kubanki n'ngosowa. Ngongole nayo idawawa Reserve Bank itakweza chiwongoladzanja kufika 26 peresenti mu 2024. Tsono wowerengera ndalama amakhala pakompyuta n'kupeza kuti fakitale idzabweza ndalama patapita zaka, pomwe kukongoza boma kudzera m'ma Treasury bill kumabweza pakangotha masiku 91, osalemba ntchito ngakhale mlonda. Mabanki ndiye adauzolowera msuzi umenewu. Chaka ndi chaka amalengeza phindu la mabiliyoni, ife n'kumawomba m'manja ngati apanga ngakhale singano.

Chomwe kompyutayo siwerengera n'chakuti wopikisana naye sadikira. Airtel Money idayamba mu 2012, Mpamba wa TNM mu 2013. Nthawi imeneyo mabanki adali phee m'tauni, kudikira kuti mlimi wa ku Nthalire akwere matola, adzaime pamzere ndi zikalata zake. Lero pitani pamsika uliwonse wakumudzi: mtsikana ali pansi pa ambulera, kabuku pamwendo, foni ziwiri m'manja, ndalama za dera lonse zikudutsa pamenepo. Kodi makampani a foni adali ndi chitsimikizo chanji kuti agogo adzakhulupirira ndalama yosaoneka? Adayesa basi. N'chimodzimodzi m'magolosale, momwe sopo wa ku Zambia wadzaza mashelefu eni dziko akadali pamsonkhano.

Ena adzatchula Kayelekera. Inde, kampani ya Paladin idatsegula mgodi wa uranium umenewu ku Karonga mu 2009, ngozi ya ku Fukushima mu 2011 idagwetsa mtengo wa uranium, ndipo mu 2014 kukumba kudaima. Kulimba mtima kuli ndi maliro ake. Koma mgodiwo udapeza wogula, pomwe fakitale yomwe sidamangidwe palibe angaigule.

Inu amene muli ndi masheya, pamsonkhano wapachaka ukubwerawu musangofunsa za phindu lomwe mugawane. Imirirani mufunse kuti ndalama zingati zagula makina, ndipo zingati zakongozedwa kuboma.