Wamisala Anaona Nkhondo: District 9 ku Tsangano

Pali kachizolowezi koipa kamene kamera mizu pakati pa ife ophunzira a pa koleji. Munthu wa kumudzi akadandaula za kanema, timathamangira kunena kuti ndi umbuli. Ine ndikukana. Umboni wanga ndi District 9, kanema amene Neill Blomkamp adatulutsa mu 2009, ndi momwe anthu amamulandirira m'tinyumba toonetsa vidiyo kwathu ku Tsangano.

Kwa amene simudamuone, nkhani yake ndi iyi. Chombo chachikulu chochokera kuthambo chikuima pamwamba pa Johannesburg mu 1982. Zolengedwa za m'chombomo, zodwala ndi zanjala, akuzitsekera m'zisakasa zozingidwa ndi waya. Patapita zaka zoposa 20, mzungu wina, Wikus van de Merwe, akutumidwa kukazisamutsa mokakamiza, koma iye mwini akuyamba kusanduka chimodzi mwa izo.

Dandaulo la oonera ku Tsangano ndi limodzi: kamera siikhazikika. Ena amati wojambulayo adaali ataledzera. Ena amati adajambula atakhala pamwamba pa lole ya kachewere. Nkhondo ikafika pachimake, amafunsana kuti wawombera ndani, wagwa ndani. Anzanga ena a m'bwalo lino la alembi akamva zimenezi amapukusa mitu, n'kumati anthuwa sadziwa luso la makono.

Luso lanji? Chizungulire chimenechi si umbuli, ndi thupi. Maso akuti ukuyenda, pamene m'kati mwa khutu, momwe mumasunga kukhazikika kwa thupi, mukuti wakhala phee pa benchi. Ziwirizi zikatsutsana, nseru imabwera. Mu 2008 nyumba zina za kanema ku America zidapachika zikwangwani zochenjeza anthu za chizungulire asanaone Cloverfield. Kodi Aamerika amenewo nawonso ndi mbuli? Kapena umbuli umayambira pa Tsangano Turn-off?

Ndiponso anthu athuwa si alendo pa zoonera ndewu. Adaleredwa ndi Bruce Lee ndi Jackie Chan, amene ankaonetsa thupi lonse, kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kuti uone wekha kuti chibakera chachokera kuti ndipo chatera pati. Mngoni wa ku Ntcheu poonera ngoma amayang'ana phazi ndi chishango nthawi imodzi. Mukamuonetsa chigongono chokha, kenaka fumbi, kenaka thambo, adzakuuzani kuti mwabisa kanthu. Ndipo adzakhala akunena zoona.

Anzanga aja amayankha kuti Blomkamp adagwedeza kamera mwadala, kuti kanemayo aoneke ngati nkhani za pa wailesi ya kanema, zojambulidwa ndi mtolankhani amene akuthawa zipolopolo. Ndikuvomera. Apa ndiye pagona nkhani. Kamera yogwedera ndi chidindo. Imauza woonera kuti izi sitidakonze, tidangozipeza zikuchitika. Tsono tifunse: chidindo chimenechi adachidinda pa chiyani?

Adachidinda pa zabwino, inde. Dzina la kanemayu limakumbutsa District Six ya ku Cape Town, imene boma la tsankho lidailengeza kuti ndi ya azungu okha mu 1966, anthu oposa 60,000 n'kuchotsedwamo. Limakumbutsanso Meyi 2008, pamene anthu 62 adaphedwa ku South Africa pa ziwawa zodana ndi obwera, abale athu ambiri n'kubwerera kuno m'mabasi, manja ali m'khosi.

Koma chidindo chomwecho adachidindanso pa bodza. Obwera akuda a m'kanemayu ndi zigawenga za ku Nigeria, zogulitsa mfuti ndi akazi. Mtsogoleri wawo, Obesandjo, akufuna kudya mkono wa Wikus kuti alandire mphamvu, monga wamuuzira sing'anga wake. Boma la Nigeria lidakwiya, ndipo mu Seputembala 2009 nduna yofalitsa nkhani, Dora Akunyili, idauza nyumba za kanema kuti zileke kumuonetsa. Nanga ife? Amene adasewera ngati Obesandjo ndi Mmalawi, Eugene Khumbanyiwa, ndipo chinenero chimene chikutuluka m'kamwa mwa chigawengacho ndi Chichewa. Mkuluyu sindikumuimba mlandu. Adagwira ganyu yake, ndipo adaigwira bwino. Mlandu uli kwa eni kanema, amene adaona kuti kwa woonera wa ku London chinenero chilichonse cha munthu wakuda ndi phokoso limodzimodzi.

Chichewa chija chikamveka, kanyumba konse ka vidiyo kamaphulika ndi chiseko ndi likhweru. Sindiwadzudzula. Ndi kangati pamene munthu wa ku Tsangano amamva chinenero chake m'kanema amene adapikisana nawo pa mphotho za Oscar? Amene ndikuwadzudzula ndi ife, amene timadziwa District Six, timadziwa za 2008, koma nthawi yathu timaithera poteteza kamera. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Kanema wodzudzula chidani cha pa obwera wasandutsa wobwera kukhala wodya anthu, wamuyankhulitsa chinenero chathu, ndipo wagwedeza kamera kuti tikhulupirire. Mnyamata wa ku Ntcheu amene akusoka zovala kapena kulima maluwa ku Joni ndiye amasenza chithunzi chimenechi akamakwera takisi m'mawa.

Mlimi wa kachewere amene akuti kamera ikumupweteka mutu ali pafupi ndi choonadi kuposa ife, chifukwa iye wakana kukhulupirira chinthu chimene sadachione bwino. Anzanga, ena mwa inu mudzalemba masewero, ena mudzagwira kamera. Mukadzafika pa nkhani ya Amalawi a ku Joni, mudzaimike kamerayo pa miyendo yake itatu, kuti anthu a ku Tsangano adzaone nkhope za abale awo.