Kompyuta ya gulu isanakwere basi ku Joni

Amalawi ena okhala ku Randburg, mumzinda wa Johannesburg, amagula makompyuta ogwirapo kale ntchito n'kuwatumiza kumudzi kuti akathandize makalabu a alimi ndi magulu a banki mkhonde. Pofuna kupewa ndalama za laisensi, ena amaikamo Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta. Luso limeneli si lachilendo ku Randburg, pakuti kampani ya Obsidian Systems, yomwe idayamba mu 1995, idakhazikika kumeneko pa ntchito za Linux.

Phata la Linux limatchedwa kernel, ndipo adaliyambitsa ndi Linus Torvalds wa ku Finland mu 1991. Kuti phatali limvane ndi zipangizo monga kadi ya Wi-Fi, limadalira timapulogalamu totchedwa module. Tambiri timabwera pamodzi ndi phatalo. Koma tina, monga ta makadi ena a Broadcom, timaikidwa padera, ndipo kalikonse kamapangidwa molingana ndi mtundu umodzi wokha wa kernel.

Apa ndi pamene pagona vuto. Wokonza makompyuta akaika module pamanja, zonse zimayenda bwino kufikira tsiku limene kernel yatsopano yalowa. Tsiku limenelo Wi-Fi imazima. Mlembi wa kalabu ku Mchinji amasowa mtengo wogwira, chifukwa chokonzera vutolo chili pa intaneti, pomwe intanetiyo ndi imene yasowa. Mitengo ya mbewu kumisika saionanso, ndipo malipoti a gulu satumizidwa.

Mankhwala ake ndi DKMS, njira imene kampani ya Dell idatulutsa mu 2003. Imapezeka mu Debian komanso mu Ubuntu, mtundu wa Linux umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa adayambitsa mu 2004. Module ikabwera m'phukusi la DKMS, kompyuta imaipanganso yokha kernel ikasintha, bola mafayilo otchedwa linux-headers akhalemo.

Choncho wogula ayenera kufunsa zinthu zitatu kompyuta isanakwere basi. Kodi Wi-Fi ikuyendera module yoikidwa padera? Ngati ndi choncho, kodi idalowa kudzera m'phukusi la DKMS? Nanga mafayilo a linux-headers alimo? Ndi bwinonso kuti wokonzayo alembe papepala mmene mlembi angasankhire kernel yakale poyatsa kompyuta, chifukwa Ubuntu imasunga yakaleyo ngakhale yatsopano italowa, ndipo Wi-Fi imabwerera nayo.

Mafunso amenewa sadya ndalama, pomwe ulendo wofunafuna katswiri kutauni umadya thumba la gulu. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.