Makina a AI pothandiza ana a autism: Africa ikufunika umboni wakewake

CAPE TOWN – Kusowa kwa akatswiri othandiza ana amene ali ndi autism, vuto lomwe limachititsa mwana kuvutika kulankhulana ndi kucheza ndi anzake, kwapangitsa ambiri kuika chiyembekezo pa makina a AI. Koma umboni wochuluka woti makinawa amagwira ntchito wachokera kwa ana a m'maiko olemera.

Mu 2021, bungwe la FDA la ku America linavomereza chipangizo cha Canvas Dx, chomwe chimathandiza dokotala kuzindikira autism pounika mayankho a makolo ndi mavidiyo ojambulidwa pakhomo. Mu 2023, akatswiri a pa yunivesite ya Duke anapeza kuti pulogalamu yawo ya SenseToKnow, yomwe imatsata maso ndi nkhope ya mwana akamaonera kanema, inazindikira ana pafupifupi 88 mwa 100 alionse amene anali ndi vutoli.

Pa nkhani ya chithandizo chenicheni, umboni ndi wochepa. Kafukufuku wa ku Stanford wa mu 2019 anasonyeza kuti magalasi ouza mwana ngati munthu wakondwa kapena wakwiya anathandiza ana kucheza bwino. Komabe anawo anali 71 okha, ndipo onse ankathandizidwanso ndi akatswiri.

Kuyang'ana munthu wamkulu m'maso, komwe kwina ndi chizindikiro cha mwana wathanzi, m'mabanja ambiri a m'chigawo chino kumaoneka ngati mwano. Makina ophunzitsidwa ndi nkhope ndi zilankhulo za kwina angathe kumuweruza molakwika mwana wa ku Lusaka kapena ku Tete. Kafukufuku woti n'kuwaongolera ndi wosowa: kauniuni wa mu 2017 anapeza zolemba 53 zokha zokhudza autism m'maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara.

Palinso chiopsezo chodalira makampani. Kumapeto kwa 2024, kampani ya Embodied, yopanga roboti yocheza ndi ana yotchedwa Moxie, inalengeza kuti ikutseka chifukwa cha kusowa kwa ndalama, makolo atalipira kale madola 799 pa roboti iliyonse.

Njira yomwe yayesedwa kale ku Ethiopia ndi Kenya ndi maphunziro a bungwe la WHO, ophunzitsa makolo kuthandiza mwana kudzera m'masewera ndi ntchito zapakhomo. Maboma amene ndalama zawo ndi zochepa angachite bwino kuyambira pamenepa, ndi kulamula kuti chipangizo chilichonse cha AI chiyesedwe kaye pa ana a kuno, m'zilankhulo zawo, chisanagulidwe.