Njira zovuta za njinga m'mapiri a Alps zisafewetsedwe

Kumpoto kwa Italy, m'chigawo cha Trentino, kuli chigwa cha Val di Sole momwe mtsinje wa Noce umayenda pakati pa mapiri a Alps. Kumtunda kwa mudzi wa Commezzadura kuli njira ya njinga yotchedwa Black Snake, yomwe imatsika m'nkhalango pa mtsetse woopsa, yodzaza miyala, mizu yotulukira pamtunda ndi fumbi lobisa maenje. Akatswiri amaimaliza m'mphindi zosakwana zinayi. Paphiri limeneli panachitikira mpikisano wa akatswiri a dziko lonse mu 2008, 2016 ndi 2021, ndipo ulendo wachitatuwo amene anapambana mwa amuna anali Greg Minnaar wa ku Pietermaritzburg, ku South Africa, ali ndi zaka 39. Kwa ife amene njinga timaidziwira pa kabaza ndi ponyamula matumba a chimanga, nkhani yoti munthu alipire ndalama kuti akatsike phiri pa miyala imamveka ngati kudziitanira tsoka. Ambiri a ku Ulaya komweko amaganizanso chimodzimodzi, ndipo munthu akavulala pamamveka mawu oti njira zoterezi zisalazidwe kapena zitsekedwe. Ine ndikuti zisiyidwe zovuta momwe zilili. Chofunika kukonza ndi momwe anthu amauzidwira za njirazo, malo amene zimadutsa, ndi amene amalipira zikawonongeka.

Tiyambe ndi chimene chinabweretsa njinga m'zigwa zimenezi. Kwa zaka zambiri midzi ya m'mapiri a Alps yakhala ikudalira alendo obwera m'nyengo yozizira kudzatsetsereka pa chipale chofewa. Koma mapiriwa atentha ndi madigiri pafupifupi 2 kuchokera kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo m'malo otsika chipalecho sichikudalirikanso. Makampani amene anamanga zikepe zoyenda pa zingwe, zokwezera anthu pamwamba pa phiri, sangazisiye zikungokhala miyezi yonse ya chilimwe. N'chifukwa chake Morzine, Les Gets ndi Châtel ku France, Champéry ndi Lenzerheide ku Switzerland, komanso Leogang ku Austria anamangirira zokolekera njinga pa zikepezo. Palibe cholakwika pamenepo, mudzi uyenera kudya. Vuto limabwera chifukwa makasitomala ochuluka ndi ongoyamba kumene, ndiye wamalonda amakopeka kuti alowetse katapila m'nkhalango, achotse miyala, akulitse njira, kuti aliyense wogula tikiti atsike osagwa. Anthu amati kumeneko n'kuteteza miyoyo, koma taganizani bwino. Njira yamiyala imaonetsa ukali wake kuyambira pachipata: munthu wosaidziwa amaima, mtima n'kumuuza kuti abwerere kapena atsike panjinga n'kuikankha. Miyala ndi mizu zimamukakamiza kuyenda pang'onopang'ono. Njira yosalala imamunyengerera. Amasiya mabuleki, liwiro n'kukwera, n'kufika pa malo odumpha asanaphunzire kudumpha, ndipo mtengo wa m'mbali mwa njira sunasunthe. Kugwa pa liwiro lalikulu ndiko kumathyola khosi.

Pamene pali ngozi yeniyeni ndi pa zikwangwani. Malo ambiri amagwiritsa ntchito mitundu yomwe anabwereka ku masewera a pa chipale: yobiriwira kwa ophunzira, yabuluu, yofiira, kenako yakuda kwa akatswiri. M'maiko olankhula Chijeremani mulinso muyeso wa Singletrail-Skala, woyambira pa S0 kukafika pa S5. Koma chigwa chilichonse chimadziikira chokha mitunduyo, kotero njira yomwe kuno aitcha yofiira, kuseri kwa phiri ikanatchedwa yakuda. Mlendo amene anazolowera yofiira ya kwawo amalowa molimba mtima m'njira yomwe si ya msinkhu wake, ndipo sitinganene kuti safunsa anadya phula, pakuti iye anafunsa, chikwangwani n'chimene chinamuyankha mosakwanira. Kuwonjezera apo, njira imasintha ndi nyengo. Mu 2011 ku Champéry mpikisano wa dziko lonse unachitika mvula ikugwa, akatswiri ambiri anavutika m'matope, ndipo Danny Hart wa ku Britain anapambana ndi masekondi oposa 11, kusiyana kwakukulu kwambiri pa masewera amene kawirikawiri anthu amasiyana pang'ono chabe. Ngati mvula imasokoneza chonchi anthu amene ntchito yawo ndi imeneyi, nanga mlendo wobwereka njinga m'mawa womwewo? Chikwangwani chiyenera kunena za lero, osati za tsiku limene anachikhoma. Kale mtunda wokha unkasefa anthu, chifukwa wofika pamwamba anali amene wapalasa yekha. Masiku ano chikepe ndi njinga zamagetsi zimafikitsa aliyense. Ndiye kusefako kuchitike pachiyambi pa njira: malo ovuta ofanana ndi amene ali kutsogolo aikidwe pa mamita oyambirira, pomwe munthu angathe kutembenuka mosavuta.

Alimi ndi osamala zachilengedwe ali ndi dandaulo lolemera kuposa onse, ndipo sindikulipeputsa. Dothi la pamwamba pa mapiri ndi lochepa, udzu wake umachedwa kumera chifukwa nyengo yofunda ndi yaifupi. Tayala likagwidwa buleki mwamphamvu pa mtsetse limakumba kamzere, madzi a mvula n'kutsata kamzereko, ndipo pakatha nyengo ziwiri zitatu pamakhala chigwembe. Ku Val di Sole komweko, chigwa chomwe chili pakati pa malo otetezedwa a Stelvio ndi Adamello Brenta, ng'ombe zimakwezedwa ku msipu wa pamwamba m'chilimwe, ndipo mkaka wake ndiwo umapanga tchizi cha Casolet. Wopalasa wosiya chipata chotsegula kapena wodutsa pakati pa ng'ombe pa liwiro amawononga ntchito ya munthu amene anali paphiripo kale njinga isanabwere. Koma dandaulo limeneli silikutsutsa njira yovuta. Kanjira kakang'ono kotsata miyala yomwe inalipo kale kamasuntha dothi lochepa poyerekeza ndi msewu wotambalala wokumbidwa ndi makina. Chimene chimateteza phiri ndi ngalande zopatutsa madzi, antchito okonza njira mlungu ndi mlungu, mpanda pa msipu, ndi kulimba mtima kotseka njira dothi likanyowa ngakhale matikiti akugulidwa. Zonsezi zimafuna ndalama, ndipo ndalamazo zichokere kwa amene akupindula, makampani a zikepe, mahotela ndi obwereketsa njinga. Walira mvula walira matope. Kuletseratu nakonso sikuthetsa kanthu. Ku Austria lamulo la nkhalango la mu 1975 sililola kupalasa njinga m'nkhalango popanda chilolezo cha mwini malo, komabe anthu sanaleke kupalasa. Pamene palibe njira yovomerezeka, achinyamata amadzikumbira yawo mobisa, yopanda ngalande, yopanda woikonza, ndiponso yomwe opulumutsa anthu sakuidziwa.

Nkhani ya oyenda pansi, amene amakumana ndi njinga m'njira za m'mapiriwa, yayankhidwa mosiyana malo ndi malo. Ku Chamonix njinga zimaletsedwa m'njira zambiri za oyenda pansi mu Julaye ndi Ogasiti, pomwe alendo amachuluka. Chigawo cha Graubünden ku Switzerland chinasankha kuti onse agwiritse ntchito njira zomwezo mopatsana ulemu. Kugawana kotero n'kotheka panjira zodutsa chopingasa phiri, pomwe wopalasa amaona patali. Pa mtsetse weniweni sikutheka, ndipo apa ndimaima ndi oyenda pansi: gogo woyenda ndi mdzukulu wake asamadzidzimuke ndi njinga yotulukira pa kona. Njira yovuta ikhale ndi malo akeake, ndipo kukhala nayo n'komwe kumachotsa othamanga m'njira za anthu ena.

Chatsala ndi funso loti munthu wamkulu ali ndi ufulu wanji wodziika pachiswe pamene helikopita yomutenga akavulala ndi bedi la m'chipatala zikulipiridwa ndi ena. Mapiri omwewa anthu akhala akuwakwera ndi zingwe kwa zaka zoposa 200, phiri la Mont Blanc linakweredwa koyamba mu 1786, ndipo palibe amene anati lisemedwe masitepe mpaka pansonga. Anthu anavomereza kuti luso limakula pokumana ndi chinthu chovuta, n'kukhazikitsa magulu opulumutsa anthu, aphunzitsi odziwa phiri ndi inshuwalansi. Wopalasa njinga achitiridwe chimodzimodzi. Inshuwalansi ya kupulumutsidwa ilowe mu mtengo wa tikiti ya chikepe, ndipo wopanda chisoti chophimba nkhope yonse asaloledwe kulowa m'njira yakuda. Obwereketsa njinga nawonso ali ndi udindo, chifukwa ndiwo amayamba kuona mlendo: amufunse kumene anapalasako kale, ndipo akaona kuti ndi wongoyamba amulozere njira zobiriwira za m'munsi mwa chigwa ndi kwa mphunzitsi. Chigwa chimene chilibe njira zophunzirira zokwanira chiyambe chamanga zimenezo pamalo ena, m'malo mosalaza yakuda imene chili nayo kale.