Mpira ndi kwaya zisalowe m'mapointi a ku yunivesite

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene yayamba kumveka m'misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, ngakhalenso pabwalo la tchalitchi mapemphero akatha. Anthu ena, maka amene ali ndi abale kunja, akuti njira yathu yosankhira ana opita ku yunivesite ndi yachikale chifukwa imangoyang'ana mapointi a mayeso a Fomu 4. Akuti tizichita ngati ku America, kumene mwana amamuwerengeranso mpira umene amasewera, kwaya imene amaimba, kalabu imene amatsogolera ndi ntchito zachifundo zimene amagwira. Ine ndikukana. Ndipo ndikukana ngati munthu amene ndaimbitsa ana kwaya ndi kuimbira mpira wa ana kwa zaka 34 zauphunzitsi, osati ngati wodana ndi masewero.

Poyamba tikumbutsane mmene zimakhalira kwathu kuno. Mwana akalemba mayeso a MSCE, a MANEB amamupatsa nambala pa phunziro lililonse, kuyambira 1 mpaka 9. Nambala yaing'ono ndiyo yabwino. Amatenga maphunziro 6 amene wakhoza bwino n'kuphatikiza manambalawo, ndipo amenewo ndiwo mapointi ake. Kuti aganiziridwe ku yunivesite ayenera kukhala ndi makirediti 6, limodzi mwa iwo la Chingerezi. Kenaka bungwe la NCHE limayendetsa ntchito yosankha opita ku mayunivesite a boma: UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni ndi MUST. Malo ndi ochepa, ndipo chaka ndi chaka ana okhoza bwino ndithu amatsala. Izi zimapweteka. Koma njirayi ili ndi ubwino umodzi umene sitiyenera kuutaya mwachibwana: wochonga pepala sadziwa kuti mwana uyu bambo ake ndi ndani.

Tsono ku America kumene akutiuzako zimayenda bwanji? Makoleji oposa 1,000 amagwiritsa ntchito fomu imodzi yotchedwa Common Application. Pa fomuyo pali malo 10 oti mwana alembepo zimene amachita kunja kwa kalasi. Aphunzitsi ake amalembanso makalata omuchitira umboni. M'chaka cha 2018 yunivesite ya Harvard inali m'khoti ku Boston, ndipo pa mlanduwo zinaululika mmene amasankhira. Wofunsira malo aliyense ankamupatsa malikisi kuyambira 1 mpaka 6 pa zinthu zinayi: maphunziro, zochita za kunja kwa kalasi, masewero, ndi umunthu wake. Mu 2022, pa ana 100 alionse ofunsira malo kumeneko, amene anatengedwa sanakwane 4. Popeza ochuluka mwa ofunsirawo ndi okhoza kale mayeso, chimene chimasiyanitsa wotengedwa ndi wotsala nthawi zambiri ndi zinthu zinazo. Choncho amene akunena kuti mpira ndi kalabu zimatsegula khomo la koleji ku America sakunama ayi. Chimene sakutiuza ndi chakuti khomolo limatsegukira yani.

Mbiri yake yokha ndi yochititsa manyazi. Kale makoleji akuluakuluwo ankatenga ana potsata mayeso olowera. Pofika mu 1922, mwana mmodzi mwa asanu alionse oyamba maphunziro ku Harvard anali Myuda, chifukwa ana a Ayuda ankakhoza mayeso zedi. Mkulu wa yunivesiteyo nthawi imeneyo, a Lawrence Lowell, sanakondwe nazo. Anafuna kuika malire poyera koma anakanizidwa. Ndiye anapeza njira yapansi. Anayamba kufunsa za "khalidwe" la mwana, makalata a umboni, chithunzi chake, ndi zimene amachita akaweruka. Chiwerengero cha Ayuda chinatsika popanda wina kulemba paliponse kuti Ayuda sakufunika. Azibusa athu, amene mumadziwa bwino mbiri ya mtundu umenewu, taganizirani pamenepa. Muyeso wa khalidwe unabwera ngati chotchingira ana okhoza amene akuluakulu sanawafune.

Wina anena kuti zimenezo n'zakale. Chabwino, tiyeni tibwere pafupi. Mu 2023 akatswiri atatu a zachuma, a Raj Chetty, a David Deming ndi a John Friedman, anafufuza makoleji 12 otchuka kwambiri m'dzikolo. Anapeza kuti mukatenga ana awiri okhoza mofanana pa mayeso, wina wa m'banja lolemera kwambiri, wina wa m'banja lapakatikati, mwayi wa wolemerayo wophunzira m'makoleji amenewa umaposa wa mnzakeyo kawiri. Zina mwa zifukwa zake ndi zitatu: kukondera ana a anthu amene anaphunzira pomwepo, kutenga osewera masewero, ndi malikisi aja a zochita za kunja kwa kalasi, amene ana a sukulu zolipira ndalama zambiri amapeza apamwamba. Anapezanso kuti zinthu zitatuzi sizisonyeza n'komwe kuti mwanayo adzachita bwino akamaliza koleji, pamene mayeso amasonyeza. Zikalata za mlandu wa Harvard uja zinaonetsa kuti pa osewera 100 amene aphunzitsi a masewero anawafuna, 86 ankatengedwa. Ndipo musaganize za mpira wachikulunga. Ena mwa masewero ake ndi kupalasa bwato, kuyendetsa ngalawa zamatanga ndi kutsetsereka pa chipale chofewa, zinthu zofuna zipangizo zodula ndi mphunzitsi wolipidwa. Kupalasa bwato kukadakhala chizindikiro cha nzeru za m'kalasi, bwenzi anyamata a ku Nkhotakota ndi ku Makanjira onse ali madokotala.

Ndipo pamene pali khomo lotere, akuba sachedwa. M'mwezi wa March 2019 anthu 50 anaimbidwa milandu ku America pa chinyengo cholowetsa ana m'makoleji. Mkulu wa chinyengocho, Rick Singer, analandira madola pafupifupi 25 miliyoni kwa makolo olemera. Ankapereka ziphuphu kwa aphunzitsi a masewero kuti alembe ana osasewera n'komwe ngati akatswiri. Nthawi zina ankachita kumata nkhope ya mwana pa chithunzi cha wosewera weniweni. Mayi wina wotchuka m'mafilimu, Lori Loughlin, ndi mwamuna wake anapereka madola 500,000 kuti ana awo awiri aakazi alowe ku University of Southern California ngati a timu yopalasa bwato, pamene anawo sanali opalasa. Mayiyo anakakhala kundende miyezi iwiri. Izitu zinachitika m'dziko la makhoti amphamvu ndi atolankhani ofufuza.

Sindikubisa kuti njira ya ku America ili ndi chabwino chake, ndipo umboni wake ndi mwana wathu yemwe. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, anasiya sekondale nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa makolo ake analephera fizi. Ali ndi zaka 14 anawerenga buku la mulaibulale yaing'ono ya kwawoko n'kupanga magetsi a mphepo ndi zitsulo za njinga, fani ya thirakitala ndi mitengo ya bulugama. Nyuzipepala inalemba za iye mu 2006, mu 2007 anakayankhula ku Arusha, kenaka anakaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, ndipo mu 2014 anamaliza digiri ku Dartmouth College. Mapointi athu sakanamuona mnyamata ameneyu panthawi imene ankatola zitsulo kudzala. Zimenezo n'zoona. Koma tifunsenso kuti chinamuchotsa m'kalasi n'chiyani. Sanali mapointi ayi, inali njala ndi fizi. Ndipo koleji yomweyo ya Dartmouth, imene kwa zaka zingapo inalola ana kufunsira malo popanda kuonetsa zotsatira za mayeso olowera, mu 2024 inalengeza kuti ikubwezeretsa mayesowo. Chifukwa chimene inapereka n'chakuti popanda mayeso inkalephera kuzindikira ana anzeru ochokera m'mabanja osauka ndi m'sukulu zosadziwika. Eni ake akubwerera ku mayeso, ife ndiye tizithamangira kumene iwo akuchokako?

Tsono tiyerekeze kuti tatengera. Adzachitire umboni ndani kuti mwana uyu analidi mtsogoleri wa kalabu ya zachilengedwe, kapena kuti ankasamala okalamba m'mudzi? Ndi ahedi ndi abusa. Ine mpando wa uhedi ndaukhalapo, ndipo ndikudziwa anthu amene amagogoda pakhomo madzulo, atanyamula nkhuku kapena atanyamula udindo wawo. Pa kalata wamba yosamutsira mwana sukulu, bambo wina waudindo anandiumiriza kuti ndilembe kuti mwana wake ndi wakhalidwe labwino, pamene sukulu yonse inkadziwa chimene tinkamuchotsera. Nditakana, moni anatha pakati pathu kwa zaka. Imeneyo inali kalata yopanda phindu lililonse. Nanga kalata yoti ikalowetse mwana ku sukulu ya udokotala idzagulidwa ndalama zingati? Abusa, mudzamukana bwanji mkulu wa mpingo amene anapereka malata a tchalitchi, akadzapempha kuti mulembe kuti mwana wake ndiye amatsogolera achinyamata? Mu November 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa chifukwa mapepala anabedwa, ana n'kulembanso mu January 2021. Ngati pepala lomata ndi kulondera linatuluka, kalata ya ahedi ndiye ingalimbe?

Tisaiwalenso mmene nkhani ya kota inatigawira. Inayamba nthawi ya Kamuzu, khoti linaikana mu 1993, inabweranso nthawi ya Bingu, mpaka inathetsedwa mu 2020. Zaka zonsezo mabanja ankalira kuti mwana wawo watsala pamene wa mapointi ochuluka kuposa iye watengedwa. Komabe kota inali yolembedwa, munthu ankatha kuiloza ndi chala n'kupita nayo kukhoti. Malikisi a khalidwe simungawaloze. Mwana akatsala adzangouzidwa kuti mnzake anaoneka wochangamuka.

Ndipo wochangamukayo adzachokera kuti? Pa sukulu yogonera pompo pali bwalo, pali holo, pali magetsi ndi aphunzitsi okhala pafupi, mwana akaweruka amapeza nsima yapsa. Mtsikana wa pa sekondale yoyendera ya kumudzi amayenda mtunda wautali, akafika kunyumba mtsuko ukumudikira, nkhuni zikumudikira, ang'ono ake akumudikira. Nthawi ya kalabu aitenga kuti? Fomu ya ku America ija, kunena zoona, imalola mwana kulemba ntchito zapakhomo monga kulera abale ake. Kumeneko mwina zimasiyanitsa mwana ndi anzake. Kuno mwana wa kumudzi aliyense amalima, amatunga madzi, amadwazika matenda. Onse adzalemba zofanana, ndipo wosankha adzakopeka ndi uja walemba kuti anapita ku msonkhano wa achinyamata ku Lilongwe.

Apa wina angaganize kuti ndikuti makalabu atsekedwe ana azingoloweza manotsi. Kutalitali! Chimene chikundidandaulitsa n'chakuti m'sukulu zambiri atsekedwa kale. Masana amene kale anali a masewero, mtsutso ndi zisudzo anadyedwa ndi patitaimu. Makolo nawo akamva kuti mwana watsalira ku sewero amati akutaya nthawi, popeza sewero silipatsa mapointi. Pamenepa ndi pamene akulakwitsa, chifukwa zochita zimenezi zimafika m'mapointi podzera njira ina. Chimagwetsa ana ambiri a kumudzi ndi Chingerezi. Mwana akhoza kupambana masamu ndi zaulimi, koma wopanda kirediti ya Chingerezi ku yunivesite sapita. Ndipotu mafunso a maphunziro ena onse, kupatula Chichewa ndi zilankhulo zina, amabwera m'Chingerezi chomwecho. Kodi mwana wa kumudzi Chingerezi amachiyankhula kuti? Kunyumba ayi, kumsika ayi, m'kalasi la ana 100 mwina amayankha funso limodzi pa sabata. Malo okha amene amatsegula pakamwa n'kupanga ziganizo zake ndi pa mtsutso ndi pa sewero. Ndi chifukwa chake mpikisano wa zisudzo m'sukulu za sekondale unayambitsidwa ndi bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM. Malemu Du Chisiza Jnr, amene anadzakhazikitsa gulu la Wakhumbata, anatulukira pa mpikisano womwewo mu 1982 ali mwana wasukulu ku HHI. Ana amene ndinkawaimika kutsogolo Lachisanu masana kuti atsutsane ngati khasu liposa cholembera, ambiri mwa iwo ndi amene ankalemba chimangirizo chomveka pa mayeso a Sitandade 8. Mpira nawo uli ndi ntchito yake. Alipo anyamata amene ankabwera ku sukulu chifukwa cha timu basi, ndipo pobwerera timuyo anapezeka kuti amaliza sukulu.

Pempho langa kwa ahedi anzanga amene mudakali pantchito ndi lakuti mubwezeretse masana amodzi pa sabata, osalipiritsa, ndipo zithe dzuwa likadalipo kuti atsikana oyendera afike kwawo kusanade. Kwa azibusa ndi ansembe, sukulu zambiri zili pa malo a mishoni ndipo tchalitchi chimakhala chotseka pakati pa sabata. Tsegulirani ana achitiremo mtsutso ndi zisudzo. Koma ana a Fomu 4 muwapumitse ku maulendo a kwaya ogonera komweko teremu yomaliza, pakuti ndaona ana akuchezera kuimba Loweruka pamene Lolemba akulowa m'chipinda cha mayeso. Ndipo a ku unduna wa zamaphunziro, wina akadzabwera ndi maganizo oti zikho ndi makalata a umboni zizichotsera mwana mapointi, mudzayambe mwafunsa kuti sekondale zoyendera zimene zili ndi mpira weniweni ndi mphunzitsi wa masewero zilipo zingati.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Ntchisi.