Bwana, Tionetseni Buku la Malipiro

Nditapeza nchito yophunzitsa pa sukulu ina ya pulaiveti muno mu Lusaka, anandisainitsa pepala lakuti malipiro anga ndi cinsinsi, ndisauze mnzanga aliyense. Ndinasaina mosangalala. Munthu amene wayenda zaka ziwiri ndi envulopu ya khaki m'manja sawerenga tizilembo ting'onoting'ono. Patapita zaka zitatu, wosunga ndalama wa pa sukulupo analakwitsa. M'malo motumiza ndandanda ya malipiro kwa bwana, anaiponya pa gulu la WhatsApp la aphunzitsi. Anaifufuta mwamsanga, koma maso anali ataona kale. Mphunzitsi wamwamuna amene tinalembedwa naye tsiku limodzi, digiri yofanana, makalasi ofanana, anali kundiposa ndi K1,500 mwezi uliwonse. Nditapita kukafunsa, anandiyankha kuti, "Madamu, anzanuwo ali ndi banja." Ngati kuti ana anga awiri amakhuta mphepo.

Cikanakhala kuti cala ca munthu uja sicinaterereke, mpaka lero sindikanadziwa. N'cifukwa cake ndikuti Nyumba ya Malamulo ikakamize olemba anthu nchito kuti caka ndi caka aziulula poyera kusiyana kwa malipiro a amuna ndi akazi pa kampani yawo.

Lamulo loletsa tsankho tili nalo kale. Employment Code Act ya 2019 imati wolemba nchito azilipira mofanana anthu ogwira nchito yolemera mofanana. Gender Equity and Equality Act ya 2015 nayonso ilipo. Koma kuti ukadandaule ku ofesi ya zanchito, uyenera kuyamba wadziwa kuti akukubera. Udzadziwa bwanji pamene payslip ya mnzako imabisidwa ngati mankhwala a ng'anga? Bwana amadziwa malipiro a onse, iwe umadziwa ako okha. Lamulo likusiya nchito yogwira wakuba m'manja mwa munthu amene wamangidwa nsalu kumaso.

Dziko la Britain linadutsa m'njira yomweyi. Mu 1968 amayi osoka mipando ya magalimoto pa fakitale ya Ford ku Dagenham ananyanyala nchito cifukwa ca malipiro, ndipo mu 1970 kunabwera lamulo la Equal Pay Act. Zaka zoposa 40 zinadutsa lamulo lilipo, koma kusiyana kosatha. Ndiye kuyambira mu Epulo 2017, wolemba nchito aliyense wokhala ndi anchito 250 kapena kuposa anakakamizidwa kufalitsa ziwerengero zake caka ciliconse pa webusaiti ya boma, pamene aliyense angaziwerenge. Malipoti oyamba atakwana mu Epulo 2018, zinaoneka kuti pa makampani 10 alionse, pafupifupi 8 anali kulipira amuna kuposa akazi.

Onani zimene zinacitika ku BBC. Mu Julayi 2017 wailesiyi inakakamizidwa kuchula maina a anthu ake olandira ndalama zoposa £150,000 pa caka. Carrie Gracie, mkonzi wa nkhani za ku China, anaona kuti amuna a udindo wonga wake anali kulandira zoculuka kumuposa. Mu Januwale 2018 anatula pansi udindowo, ndipo pambuyo pake BBC inapepesa n'kumulipira zimene inamumana. Mu 2020 Samira Ahmed anapambana mlandu atasonyeza kuti iye anali kulandira £440 pa pulogalamu imodzi pamene Jeremy Vine anali kulandira £3,000 pa pulogalamu yofanana nayo. Amayi awa ndi atolankhani akuluakulu, odziwa kufufuza nkhani, komabe anakhala zaka asakudziwa za malipiro awo omwe. Nanga mtsikana wa ku Kanyama amene wangoyamba kumene nchito pa till?

Mabwana ali ndi mayankho awo, ndipo ndawamvapo. Loyamba n'lakuti kusiyana kwa ziwerengero sikutanthauza kuti akubera munthu. Pamenepa pali coonadi. Lipoti loyamba la kampani ya ndege ya easyJet linaonetsa kusiyana koposa 50 peresenti, ndipo kampaniyo inafotokoza kuti oyendetsa ndege, amene amalandira zambiri, oculuka ndi amuna, pamene operekera zakudya m'ndege oculuka ndi akazi. Cabwino. Koma yankho limenelo likubala funso lina: n'cifukwa ciani mipando ya ndalama yadzala amuna? Ndani amasankha wopita ku maphunziro, ndani amakweza anthu pa udindo, ndipo mkazi akabwerako ku chuti ca uchembere amapeza mpando wake uli kuti? Bwana amene ali ndi zifukwa zomveka azilembe pansi pa ziwerengerozo, tiziwerenge tokha.

Laciwiri n'lakuti imeneyi ndi nchito yowonjezera, makampani athu ndi osauka. Bodza lamkunkhuniza. Mwezi uliwonse kampani yolembetsedwa imatumiza ku NAPSA dzina la wanchito aliyense, nambala ya NRC yake ndi malipiro ake. Imatumizanso PAYE ku ZRA. Ziwerengero zili kale mu kompyuta. Kuika amuna mbali ino, akazi mbali iyo, n'kupeza avereji, ndi samu imene mwana wa Giredi 9 amacita asanapite ku buleki. Palibenso amene akupempha kuti dzina la munthu lipacikidwe pa khoma. Ku Britain amafalitsa maperesenti cabe.

Lacitatu limacokera kwa abale athu amuna: akuti akazi akakwezedwa, ife atidula. Acimwene, mdima umene umabisa malipiro a mlongo wanu ndi womwewo umene umabisa anu. Pa ndandanda ija ya pa WhatsApp panalinso aphunzitsi awiri aamuna osiyana malipiro popanda cifukwa, wina pokhala mlamu wa bwana. Tsopano ndimaphunzitsa pa sukulu ya boma, kumene sikelo ya malipiro imadziwika kwa aliyense, ndipo sindinaonepo mwamuna atasauka cifukwa ca zimenezo.

Sindikuti tikope lamulo la ku Britain monga lilili. Malire a anchito 250 angasiye panja pafupifupi masukulu onse a pulaiveti, makiliniki, malodge ndi mashopu amene acinyamata a m'komboni amagwirako. Ku Iceland, lamulo limene linayamba mu 2018 linakhudza makampani a anthu 25 kupita m'mwamba, ndipo linafuna kuti kampani ipereke umboni wakuti imalipira mwacilungamo. Malire otere ndiwo angatiyenere. Wokana kupereka lipoti alipe faindi, ndipo asapatsidwe tenda ya boma. Ndidziwanso kuti lipoti silidzafika kwa amayi ogulitsa tomato pa Soweto Market kapena kwa wanchito wa m'nyumba ku Kabulonga. Nkhondo yawo ndi ina, ndipo ndi yaikulu. Koma sitingaleke kukonza denga la kalasi imodzi cifukwa cakuti sukulu yonse ikudontha.

Inu amene mukumaliza ku UNZA, ku Evelyn Hone kapena ku makoleji a TEVETA, pepala longa lija ndinasaina likukudikirani. Mudzasaina, cifukwa lendi siidikira. Koma phungu wanu akadzabwera ku Chawama kapena ku Matero kudzapempha voti, mufunseni ngati adzapititsa bilu imeneyi ku Nyumba ya Malamulo. Mukalowa yuniyoni, ikani nkhaniyi pa ajenda. Ine ndinataya K1,500 mwezi uliwonse kwa miyezi 36. Tengani foni yanu muwerengere nokha kuti ndi zingati.