Mlendo Amene Sadapondepo ku Thyolo

Masiku ano pamsika wa Bvumbwe, pakati pa milu ya kabichi ndi matimati, mukafunsa mnyamata za mbiri ya kwawo sathamangiranso kwa agogo ake. Amasolola foni m'thumba nafunsa makina. Anzanga ena amene tidagwira nawo choko akuombera m'manja mchitidwewu, ati nzeru zafikira aliyense. Ine ndikukana.

Tiyeni tione kaye mmene makinawa amadziwira zinthu. M'chaka cha 2010, akatswiri a pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku America adayambitsa pologalamu yotchedwa NELL. Ntchito yake idali kuwerenga masamba a pa intaneti usana ndi usiku, n'kumatolamo mfundo. Mfundo ikapezeka m'malo ambiri, NELL inkaikhulupirira kwambiri. ChatGPT, imene idatuluka mu Novembala 2022, ndi yochenjera koposa, komabe idaleredwa ndi phala lomwelo: zolembedwa. Chimene sichidalembedwe sichiifika pakamwa.

Tsono za Thyolo adalemba ndani? Ambiri adali eni minda, abwanamkubwa ndi amalonda otsatsa tiyi kunja. Iwo adalemba za maekala, za mitengo ya tiyi ku London ndi za kubiriwira kwa zitunda. Mayi wachilomwe amene adawoloka Ruo mwana ali kumbuyo, nathyola tiyi mvula ikumuthera pamsana, sadagwirepo cholembera. Makina angakuuzeni kuti ntchito ya thangata idathetsedwa mu 1962, ndipo n'zoona. Koma sadamve mawu a agogo anga pofotokoza mmene chimanga chawo chidafera m'tchire, iwo akupalira munda wa mwini esiteti m'dzinja, kapitawo ali chilili ndi tikiti m'manja. Za zipolowe za mu Ogasiti 1953 boma lachitsamunda lidalemba malipoti, ndipo olemba mbiri ena adayesetsa kufufuza, ndiwayamike. Nanga amene adagona kuthengo masiku amenewo? Ambiri adapita nazo kumanda.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti makinawa akasowa yankho kawirikawiri sakhala chete. Amapeka, ndipo amapeka molimba mtima ngati mboni yoona ndi maso. Kukoleji adatiphunzitsa kuti mphunzitsi wonena kuti "ndikafufuze kaye" sataya ulemu. Mwana wa Fomu 2 angasiyanitse bwanji choona ndi chopeka, zonse zitavala suti imodzi?

Musandiyese mdani wa zatsopano. Ulangizi, pologalamu imene idayamba kuyankha alimi m'Chichewa pa WhatsApp mu 2024, imatunga mayankho ake m'buku la malangizo la Unduna wa Zaulimi. Pamenepo chitsime chikudziwika, ndipo madzi akadetsedwa tidziwa woti tim'funse. Chimene ndikukana ndi kutuma mlendo wodziwa zongomva kuti aphunzitse ana athu za kwawo, eni nkhani akuwothera dzuwa kuseri kwa nyumba popanda wowafunsa.

M'mudzi mwathu mwatsala nkhalamba ziwiri zimene zidaona za 1953 ndi maso. Imodzi yayamba kale kusokoneza mayina a ana ake.